Kodi mumadziwa? Asilikali, agalu ndi makandulo m'mbiri ya malenzi akale

Kodi mumadziwa kuti chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za mzinda wa Paris chimaonetsa msewu waukulu uli zii, wopanda ngolo ngakhale hatchi imodzi? Louis Daguerre anachijambula mu 1838 pa Boulevard du Temple, msewu wa piringupiringu, koma kamera yake inafunika kukhala chitsegulire kwa mphindi zingapo moti chilichonse choyenda chinafufutika. Anatsalapo ndi bambo wina amene anaima kuti amupolishire nsapato, pamodzi ndi wopolishayo: anthu awiri okha mumsewu wonse.

Ndiye kujambulitsa nkhope chinali chintchito. Ankakukhazikani padzuwa, mutu n'kuutsamiritsa pachitsulo chobisika kumbuyo kwa khosi kuti musagwedezeke, maso ali tong'o. Lenzi ya Charles Chevalier yomwe inali pamakamera a mu 1839 inali youmira kuwala, chibowo chake chinali cha f/15 basi.

Nambala ya f isakuopseni. Ndi masamu ogawa chabe: mamilimita omwe amalemba palenzi, kugawa ndi kukula kwa chibowo cholowera kuwala, choncho nambala ikamachepa ndiye kuti chibowo chikukula. Kuchoka pa f/2.8 kufika pa f/2 kuwala kumawirikiza kawiri, pofika pa f/1.4 kwawirikiza kanayi.

Amene anapumitsa makosi a anthu sanali mmisiri wa magalasi, koma pulofesa wa masamu wa ku Vienna, Joseph Petzval. Anzake ankapanga malenzi mongoyesa, kupala galasi n'kusuzumiramo, likakana n'kupalanso lina. Iye anakhala pansi n'kuwerengera papepala njira yomwe kuwala kudzadutse galasi lisanadulidwe n'komwe, ndipo mmenemo n'kuti chili chaka cha 1840.

Nanga poti makompyuta kunalibe, masamu onsewo anamuthandiza ndani? Asilikali! Archduke Ludwig, mkulu wa gulu la mizinga la dziko la Austria, anamubwereketsa kagulu ka asilikali ozolowera kuwerengera komwe chipolopolo chikagwere, ndipo analimbana nawo manambalawo kwa miyezi pafupifupi 6.

Panatuluka lenzi ya magalasi 4, ya f/3.6. Zokhala padzuwa mpaka thukuta kamukamu zinatha, chithunzi chinayamba kutheka pasanathe mphindi imodzi. Kuwala komwe inkalowetsa kunkaposa kwa lenzi ya Chevalier maulendo oposa 15.

Mukuganiza kuti pulofesayu analemera? Amene analemera ndi Voigtländer, yemwe ankapanga n'kugulitsa malenziwo, ndipo awiriwa atakangana iye anangosamutsira ntchito ku Braunschweig m'dziko la Germany komwe Petzval sakanamuletsa. Mwini nzeruyo anangolandira kamodzi n'kamodzi magulden 2,000.

Tsoka linamutsatabe. Mu 1859 akuba anathyola nyumba yake n'kuwononga zolemba zomwe anazikonza kwa zaka zambiri, ndipo buku lake lalikulu la za magalasi linafera pomwepo. Anamwalira mu 1891.

Koma tamvani izi. Lenzi ya Petzval imaonetsa bwino pakati pokha, m'mbalimu zinthu zimachita chimbuuzi n'kumaoneka ngati zikuzungulira, chilema chomwe akatswiri anatha zaka makumimakumi akufuna kuchichotsa. Mu 2013 kampani ya Lomography inapempha anthu pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter madola 100,000 kuti iipangenso ndi chilema chake chomwecho, ndipo anthu anasonkha pafupifupi madola 1.4 miliyoni.

Masiku ano chibowo timachichepetsa pongotembenuza kamphete, kodi kale ankatani? John Waterhouse anabweretsa mu 1858 timalata tamkuwa, kalikonse ndi chibowo cha saizi yakeyake, tolowetsa pakampata kam'mbali mwa lenzi. Kutaya kalata kamodzi kunali kutaya nambala imodzi ya f.

Mu 1900 kampani ya sitima ya Chicago & Alton ku America inafuna chithunzi chimodzi cha sitima yake yonse, kuyambira ku injini mpaka bogi lomaliza. George Lawrence anakhoma chikamera chojambula pagalasi lotalika mamita 2.4, chokhala ndi malenzi a Bausch & Lomb. Kuchinyamula ndi kuchitchera kunkalira amuna 15.

Chaka chomwecho ku Berlin kampani ya Goerz inatulutsa Hypergon, lenzi yomwe ine ndimaiona kuti ndi yoseketsa kuposa zonse. Pakati pachithunzi pankawala kwambiri kuposa m'mbali, ndiye anaika kutsogolo kwake kanyenyezi kachitsulo komwe wojambula ankakazunguza ndi mpweya pofinya kampira, kuti katchinge pakatipo kwinaku m'mbali mukulandira kuwala. Chipupizacho chinali ndi phindu lake: lenziyo inkaona madigiri oposa 130.

Tipite ku Jena, tauni yaing'ono ya ku Germany komwe Carl Zeiss anatsegula kashopu kake mu 1846. Zimamveka kuti maikulosikopu ikapanda kumukhutiritsa ankaiphwanya yekha ndi nyundo anyamata ake akuona. Atatopa ndi zongoyesa anaitana katswiri wa sayansi Ernst Abbe mu 1866.

Abbe anawerengera malenzi abwino zedi, koma mtundu wa galasi womwe masamu akewo ankafuna kunalibe padziko lonse. Anagwirizana ndi Otto Schott n'kuyamba kusungunula okha magalasi atsopano pafakitale yomwe anaitsegula mu 1884. Abbe yemweyo ndi amene mu 1900 analamula kuti antchito a Zeiss aziweruka akagwira maola 8.

Kodi pamafunika magalasi angati kuti lenzi ikhale yabwino? H. Dennis Taylor wa ku York ku England anasonyeza mu 1893 kuti atatu akwanira: awiri otukumuka pakati, ndi limodzi lokumbika loikidwa pakati pawo. Cooke Triplet imeneyi inatha kuweta zilema zikuluzikulu zonse za lenzi, zomwe zilipo 7.

A Zeiss anayankha mu 1902 ndi Tessar ya Paul Rudolph, ya magalasi 4, yomwe poitsatsa ankaitchula kuti diso la chiwombankhanga. Inali yaing'ono, yotchipa kupanga, ndipo makampani a mayiko ambiri anaikopera mosachita manyazi. Inayamba ndi f/6.3, koma pofika m'ma 1930 inali itafika pa f/2.8.

Mwina munaigwirapo osadziwa. Ngati munakhalapo ndi foni ya Nokia N95, kumbuyo kwake pafupi ndi kamera kunalembedwa kuti Carl Zeiss Tessar. Dzina la mu 1902 pafoni ya mu 2007!

Nanga bwanji sankangowonjezera magalasi kuti chithunzi chikhale chakuthwa? Chifukwa paliponse pomwe kuwala kukuchoka mumpweya kulowa m'galasi, kapena kutuluka, kwina kumanjanja n'kubwerera, pafupifupi 4 pa 100 alionse. Lenzi ikakhala ndi malo otere 8, kuwala kotayika kumayandikira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Choipa n'choti kuwala konjanjako sikumangosowa, kumazungulirazungulira m'katimo n'kuchititsa chithunzi kutuwa. N'chifukwa chake Planar, lenzi ina ya Rudolph ya mu 1896 yomwe papepala inkaposa Tessar, inakhala chonyozeka. Inadikira zaka pafupifupi 50 kuti nthawi yake ikwane.

Apa pali chodabwitsa chenicheni. Taylor uja anazindikira kuti magalasi akale othimbirira ankalowetsa kuwala kochuluka kuposa atsopano onyezimira. Anayamba kuthimbiritsa dala magalasi ndi mankhwala, ndipo analembetsa njira imeneyi kuti ndi yake mu 1904.

Amene anaigwira pakhosi nkhaniyi ndi Alexander Smakula, katswiri wochokera ku Ukraine yemwe ankagwira ntchito kwa Zeiss. Mu 1935 anapeza njira yomatira pagalasi chopaka chopyapyala kwambiri m'chipinda chopopedwa mpweya, ndipo boma la Germany linaibisa ngati chinsinsi cha nkhondo. Kuti zopaka zoterezi zikwane milimita imodzi muyenera kusanjikiza pafupifupi 10,000.

Tapendekani lenzi yanu pawindo, mukuona kamtundu kobiriwira kapena kofiirira kaja? N'chopaka chimenecho. Pofika 1971 kampani ya Asahi, eni ake a Pentax, inali ikusanjikiza zopaka 7 pagalasi limodzi, ndipo kunjanja kuja kunatsika kuchoka pa 4 kufika pa 0.2 pa 100 alionse.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, zopaka zisanabwere, tikumane ndi mnyamata wina wogwira ntchito ku Dresden. Ludwig Bertele analibe digiri ya kuyunivesite, koma anawerengera Ernostar ya f/2, lenzi yomwe inatheketsa kujambula m'nyumba popanda fulashi. Anali ndi zaka 23.

Mtolankhani Erich Salomon anatenga kamera ya Ermanox yokhala ndi lenzi imeneyi n'kumalowa nayo m'misonkhano ya nduna ndi akazembe a ku Ulaya, kuwajambula akuyasamula ndi kusinza pakati pausiku. M'khoti, momwe kujambula kunali koletsedwa, analowa ndi kamera yobisa m'chipewa chobowola. Za m'khotizi zinachitika mu 1928.

Bertele anali ndi nzeru ina yozembera kunjanja kuja: kumata magalasi pamodzi kuti pakati pawo pasakhale mpweya. Sonnar yake ya 50mm f/1.5 ya mu 1932 inali ndi magalasi 7, koma omatidwa m'magulu atatu. Malo otayira kuwala anangotsala 6 m'malo mwa 14.

Kodi mumadziwa kuti matenda a mphumu anatipatsa kamera yaing'ono? Oskar Barnack wa kampani ya Leitz ku Wetzlar ankakonda kujambula, koma chifuwa sichinkamulola kusenza zikamera zamiyendo itatu, ndiye cha m'ma 1913 anatenga filimu ya kanema n'kuigoneka chammbali m'kabokosi kolowa m'thumba la jekete. Kachithunzi kake kanali ka mamilimita 24 kwa 36.

Kachithunzi kakang'ono chotero kamafuna lenzi yakuthwa kuti kakakulitsidwa kasaphwasuke, ndipo ntchitoyo inagwera Max Berek. Bamboyu ankakonda agalu ake mpaka kuwaika pamalonda: lenzi ya Hektor inatenga dzina la galu wake, Summarex nayo inatengera kwa galu wina, Rex. Malenzi awiri, agalu awiri.

Aliyense amati lenzi ya 50mm ndiyo imaona monga mmene diso limaonera, si choncho? Lamulo la akatswiri limati lenzi yotere ilingane ndi mzere wochoka pakona ina ya chithunzi kufika pakona yopingasana nayo. Pafilimu ya Barnack mzerewo si 50, ndi mamilimita 43.

Leica yoyamba inalowa pamsika mu 1925, koma kusanachitike zimenezo anapanga zoyeserera zochepa. Imodzi mwa izo, nambala 105, yomwe inali ya Barnack mwini wake, inagulitsidwa pa okushoni mu 2022. Mtengo wake: mayuro 14.4 miliyoni.

Nkhondo yachiwiri itatha, Zeiss inang'ambika pakati. Asilikali a America ndi amene anayamba kufika ku Jena mu 1945, ndipo posiyira malowo asilikali a Soviet Union anakweza m'magalimoto akuluakulu ndi akatswiri a Zeiss ndi Schott n'kupita nawo kumadzulo. Anatenga anthu oposa 100.

A Soviet nawo sanabwerere chimanjamanja, mu 1946 anazula pafupifupi makina onse n'kuwakweza sitima. Zida zopangira kamera ya Contax zinakathera kufakitale ya Arsenal ku Kyiv, komwe kamera yomweyo inayamba kutuluka ndi dzina loti Kiev. Sonnar ya Bertele inasanduka Jupiter, Tessar inasanduka Industar, ndipo lenzi ina ya Zeiss, Biotar ya 58mm f/2, inasanduka Helios-44.

Ku Germany kunatsala makampani awiri a dzina limodzi, ina ku Jena kum'mawa, ina ku Oberkochen kumadzulo, ndipo anakokanakokana m'makhoti a mayiko ambiri. Lenzi ya kum'mawa ikamapita kumadzulo ankaifufuta dzina n'kungolemba kuti aus Jena, ya kumadzulo ikamapita kum'mawa inkakhala Opton. Anadzalumikizananso Germany itagwirizana mu 1990, patadutsa zaka zoposa 40.

Helios-44 ija inkabwera ndi makamera otchipa a Zenit, ndipo mafakitale a ku Krasnogorsk, Valdai ndi Minsk anaipanga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1990. Ili ndi matenda a Petzval aja: mukajambula munthu ataima patsogolo pa mitengo, masamba akumbuyo amazungulira. Zinapangidwa mamiliyoni.

Ndiye ndani angafune lenzi yodwala chotero? Hollywood. Greig Fraser, wojambula kanema wa Dune: Part Two wa mu 2024, anagwiritsa ntchito malenzi akale a Soviet omwe kampani ya IronGlass ya ku Ukraine inawaveka zitsulo zatsopano, pomwe kanema wa Poor Things wa mu 2023 ali ndi zigawo zojambulidwa ndi malenzi a mtundu wa Petzval, nzeru ya zaka zoposa 180.

Nanga malenzi a ku Japan anatchuka bwanji? Mu 1950 David Douglas Duncan wa magazini ya Life ali ku Tokyo anaona chithunzi chomwe mnyamata wina wojambula, Jun Miki, anamutola ndi lenzi ya Nikkor 85mm f/2, ndipo kuthwa kwake kunamudabwitsa. Anamanga malenzi a Nikkor pa Leica yake n'kupita nawo kunkhondo ya ku Korea, ndipo nyuzipepala ya New York Times inali italemba kale za malenziwa chisanathe chaka cha 1950.

Okonda kukangana za Canon ndi Nikon, imvani iyi. Kamera yoyamba yomwe Canon inagulitsa, Hansa Canon, inalibe lenzi yakeyake, inavala Nikkor 50mm f/3.5 ya kampani yomwe lero ndi Nikon. Adani a lerowa anali pabokosi limodzi mu 1936.

Kodi mumadziwa kuti malenzi ena akale amatulutsa cheza cha nyukiliya? Kuyambira m'ma 1940 mpaka m'ma 1970 opanga ena ankasakaniza thorium m'galasi kuti lizikhotetsa kuwala kwambiri popanda kumwaza mitundu, monga mu Aero-Ektar ya Kodak yojambulira pandege zankhondo ndi Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Pentax. M'magalasi ena thorium ankafika 30 pa 100 alionse a kulemera kwake.

Musathawe, chezacho n'chochepa kwa munthu wongojambulira, bola osaliphwanya kapena kulipala galasilo. Chomwe chimachita n'kulisandutsa lachikasu pakapita zaka, ndipo mankhwala ake ndi dzuwa, lomwe kuno m'mwezi wa Okutobala sitisowa. Ingosamalani poliyanika, poti lenzi yoloza dzuwa imayatsa moto, ndipo chikasucho chimayamba kusuluka pakatha sabata imodzi kapena zingapo.

M'zaka za m'ma 1960 kunabuka mpikisano wa chibowo chachikulu. Canon inatulutsa 50mm f/0.95 mu 1961, ndipo otsatsa malonda ankati imaona kuwala kuposa diso la munthu kanayi. Zack Snyder anaifukula n'kujambulira kanema wa Army of the Dead patatha zaka 60.

A Zeiss mpikisanowu unawaseketsa. Pachionetsero cha Photokina ku Cologne mu 1966 anaika patebulo chilenzi chotchedwa Super-Q-Gigantar, chomwe anachilumikiza ndi galasi lotola m'fakitale ndipo sichinapangidwe kuti chijambule kanthu. Anachilemba, nkhope zili gwa, kuti f/0.33.

Komatu nthawi yomweyo anali akupanga yeniyeni, Planar 50mm f/0.7, yomwe imalowetsa kuwala kuposa f/1.4 kanayi. Anapanga 10 zokha: imodzi anasunga, 6 anagulitsa ku NASA. Stanley Kubrick anatenga zitatu.

Ankazifuniranji? Kanema wake wa Barry Lyndon wa mu 1975 ndi nkhani ya m'zaka za m'ma 1700, ndipo iye anakana magetsi, anafuna zigawo zausiku ziwalitsidwe ndi makandulo okha. Pa f/0.7 malo ooneka bwino ndi opyapyala moti osewera ankachita kuuma thupi kuti asatulukemo, ndendende makolo awo a mu 1839.

Kumwezi nako kunapita Zeiss. Zithunzi za pamwezi za Apollo 11 za mu 1969 zinajambulidwa ndi Biogon 60mm f/5.6 pakamera ya Hasselblad yopanda posuzumira, yomangirira pachifuwa. Pamaulendo a Apollo, pobwerera ankangotenga mabokosi a filimu kuti chombo chipepuke, ndiye kumwezi kuja kuli makamera a Hasselblad 12.

Nanga lenzi zija zojambula chithunzi chozungulira zinayamba bwanji? Mu 1906 Robert Wood wa ku America anafuna kudziwa mmene nsomba imaonera dziko la kunja, ndiye anajambula kudzera m'ndowa yodzaza madzi. Lenzi yeniyeni yamtunduwu inadza mu 1924, yojambulira mitambo ya thambo lonse nthawi imodzi, madigiri 180.

Nikon inapitirira pamenepo ndi Fisheye-Nikkor 6mm f/2.8 ya m'ma 1970, yomwe imaona madigiri 220, kutanthauza kuti imaona ndi zakumbuyo kwake zomwe, mapazi a wojambula osasiya. Imalemera makilogalamu 5.2, kuposa mapaketi asanu a shuga. Ina inaikidwa pamalonda ku London mu 2012 pamtengo wa mapaundi 100,000.

N'chifukwa chiyani malenzi akale ayambanso kusakidwa? Makamera akale ambiri anali ndi kalilole wogubuduka pakati pa lenzi ndi filimu, choncho lenzi inkakhala patali, mamilimita oposa 45 pamakamera a Zenit ndi Pentax, pomwe pamakamera amakono a Sony opanda kalilole mpatawo ndi mamilimita 18 okha. Chotsalacho chimadzazidwa ndi kamphete kachitsulo kopanda galasi lililonse, kokhuthala mamilimita 27.

Mukapeza lenzi yakale yogula, iwalitseni ndi tochi m'kati. Tithovu ting'onoting'ono m'galasi tisakudetseni nkhawa, kale tinkatengedwa ngati chizindikiro cha galasi lapamwamba lovuta kusungunula. Koma mukaona m'mphepete mwachita mawanga achikasu kapena a utawaleza, ndiye kuti guluu wayamba kulekana, ndipo guluu wa malenzi ambiri akalewo sanali wa m'fakitale, unali utomoni wa mtengo wa m'nkhalango za ku Canada.

Mdani wamkulu ndi chuku, chomwe chimamera m'kati mwa lenzi ngati timizu toyera n'kudya chopaka chija mpaka kusiya zipsera zosachoka pagalasi. Chimakonda mdima ndi chinyontho, choncho chikwama chachikopa chotsekera m'kabati m'dzinja, makamaka kunyanja ngati ku Nkhata Bay, ndi munda wake weniweni. A Zeiss amachenjeza kuti chinyontho cha mumpweya chikafika pa 70 pa 100 alionse, chukucho chimangofuna masiku opitirira atatu.